Duwa la Atelala ndi Mbuzi za a Ngozo

Panali mayi wina, telala, amene ankakhala m'mudzi wina wa m'mapiri a ku Ntcheu, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita kumsika. Mashini ake osokera ankakhala pakhonde. Anthu ankabwera ndi nsalu, n'kubwerera ndi madiresi, mayunifolomu a sukulu ndi zovala za ukwati. Ankasoka bwino. Koma mlendo akafunsa njira ya kwawo, anthu sankatchula za mashini. Ankangoti, "Pitirirani mjigo. Mphuno ikakuuzani kuti mwafika, ndiye mwafika."

Fungolo linali la duwa lotchedwa heliyotiropu. Mwina ambiri a inu simunalionepo. Ndi kachitsamba kofika m'mawondo, ka masamba obiriwira kwambiri, okhakhala ngati lilime la ng'ombe. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, achibakuwa, ounjikana pamodzi kukula ngati chikhatho. Dzuwa likawaomba pang'ono, amanunkhira ngati keke yongophulidwa kumene.

Ali mtsikana, mayiyu anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Zomba. Panyumbapo panali nkhalamba yosamalira maluwa, a Matewere. Tsiku limene ankachoka, a Matewere anadula kanthambi kamodzi, n'kukakulunga m'nyuzipepala yonyowa, n'kumupatsa.

Anamuuza kuti, "Ulipatse dzuwa la m'mawa, ulibise ku dzuwa la masana. Usanathirire, pisa chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, bweza ndowa yako. Likamatalika, ulitsine kunsonga, usalimvere chisoni." Kenako anamugwira pamkono. "Ndipo mwanawe, chiweto chisamadye zimenezi. Sichifa lero, sichifa mawa, koma chikamadya masiku ambiri, chiwindi chimatha pang'onopang'ono."

Mtsikanayo anamva zonse, n'kukwera basi atakumbatira nyuzipepala ija pachifuwa.

Kanthambiko sikanakule mosavuta. Chaka choyamba anakadzala m'chitini chopanda zibowo. Madzi anaima pansi, mizu n'kuyamba kuwola. Anakazula, n'kudula zowolazo ndi sizasi yake yosokera, n'kukadzalanso m'dothi losakaniza ndi mchenga ndi masamba owola a pansi pa mkuyu. Chaka chachiwiri anakaika pamtetete, dzuwa la Okutobala n'kupsereza masamba. Anaphunzirapo. Anapeza malo kutsogolo kwa nyumba, kumene dzuwa limafika m'mawa koma pofika nkhomaliro mthunzi wa denga umakhala utaphimba. Mu Juni, chisanu cha kumapiri chikayamba kuluma, ankafunditsa zomerazo zidutswa za nsalu zotsala posoka. Wodutsa m'mawa ankaona tizitsamba titavala madontho, mizere ndi maluwa a chitenje, ngati amayi ali pamzere wa kusikelo.

Chimene chinkamuvuta kwambiri chinali kutsina nsonga. Chomera chikangoyamba kutalika, iwe n'kuyamba kukondwa, ndiye nthawi yoti uchidule mutu ndi chikhadabo. Poyamba dzanja linkakana. Koma anaona kuti pamene watsina pamatuluka nthambi ziwiri, ndipo pa ziwirizo pamatuluka zinayi. Anaonanso kuti akachotsa duwa lofota, lina silichedwa kubwera. Patapita zaka khumi ndi ziwiri, kanthambi kamodzi kaja kanali mzere wathunthu, kuyambira pa masitepe mpaka pangodya ya nyumba.

Mayiyu ankanyada, abale ndi alongo, ndipo ine sindimupeza mlandu. Madzi onse amene duwalo linamwa anabwera pamutu pake kuchokera kumjigo. Palibe anamulembera ganyu. Palibe anamulonjeza mphotho. Anatenga malo ouma a m'mbali mwa msewu n'kuwasandutsa malo oti munthu wochokera kuchigayo, atasenza thumba, aime kaye ndi kupuma mpweya wabwino. Mulungu amene analenga maluwa sakhumudwa akaona munthu akukondwera ndi duwa limene walisamalira. Kunyada koteroko n'koyera. Tisamaope kutero.

Ndipo sanali womana. Mayi akabwera kudzayesa diresi n'kuyamikira duwalo, telalayo ankadula kanthambi n'kumupatsa. Ankamufotokozera zonse mwa dongosolo, za dzuwa la m'mawa, za chala m'dothi, za kutsina nsonga. M'kupita kwa zaka, makomo asanu ndi limodzi a m'mudzimo anali ndi duwa lija, ndipo iye akamadutsa ankaliona ngati mmene mphunzitsi amaonera ana amene anadutsa m'manja mwake.

Koma mawu omaliza a a Matewere sanawanene kwa aliyense.

Tsiku loyamba kupereka kanthambi anafuna kunena. Mawuwo anafika pamlomo. Koma mayi amene ankalandirayo anali atakwirira mphuno m'maluwa, akuti, "Iii, koma kumwamba kumanunkhira chonchi!" Munthu akuyamikira mwana wako pagulu, kodi iwe umayamba pomwepo kufotokoza kuti mwanayo amakodza pamphasa? Anameza mawuwo. Tsiku lachiwiri kumeza kunali kosavuta. Pofika lachisanu ndi chimodzi, sankakumbukanso kuti pali chimene akumeza.

Anali ndi chifukwa chake, ndipo sichinali chifukwa chopusa. Zaka zonsezo anaona mbuzi zikudutsa pakhomo pake. Zinkanunkhiza masamba okhakhalawo, n'kupukusa mitu, n'kupitirira. Sizinkadya. Ndiye ankati mumtima, "Ndiipitsirenji dzina la duwa langa pa chinthu chosachitika?"

Kuseri kwa nyumba yake kunkakhala bambo wina wachikulire, a Ngozo. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali. Chuma chawo chonse chinali mbuzi zisanu: tonde mmodzi, mkota wokalamba, misoti iwiri, ndi ina yakuda imene inali ndi bere. Ankazidziwa ngati anthu. Ankalankhula nazo, kuzidzudzula, ngakhale kuziuza nkhani za pawailesi.

Mukudziwa mwambo wa kumudzi. Mvula ikagwa, mwini mbuzi amamanga mbuzi zake, chifukwa m'minda muli mbewu. Anthu akakolola, mbuzi zimamasulidwa kuti zidye mapesi, ndipo kuyambira pamenepo amene ali ndi chobiriwira ndiye amamanga mpanda. A Ngozo ankasunga mwambowu bwino lomwe. Nthawi ya dzinja palibe anapezapo mbuzi yawo m'munda mwa munthu. Nthawi ya chilimwe ankazimasula ndi mtima woyera.

Kenako kunabwera chaka chovuta. Mvula inadula msanga. Mapesi anatha Ogasiti asanathe. Osaka mbewa anatentha tchire, moto n'kuthawa, n'kunyambita phiri lonse mpaka kudambo. Pofika Okutobala kunali phulusa ndi fumbi. M'mudzi monse chobiriwira chimene chinatsala pafupi ndi pakamwa pa mbuzi chinali duwa la atelala, lothiriridwa m'mawa uliwonse.

Njala ilibe chowawa. Tsiku lina mayiyu atatukula mutu pamashini, anaona mbuzi zisanu zitaika mitu mumzere wake. Anaziponyera chitsononkho, zinathawa. Atabwerera pampando, zinabwerera. Akapita kumjigo, ankapeza nsonga zadyedwa. Akapita kumsika, ankapeza nthambi zathyoka.

Anapita kwa a Ngozo. Anawapeza akusema mpini pansi pa mango.

"A Ngozo, mangani mbuzi zanu. Zikundithera maluwa."

A Ngozo sanasiye kusema. "Atelala, uno ndi mwezi wanji? Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mangani mpanda."

"Mpanda ndi wa kudimba. Apa ndi pakhomo panga."

"Kaziuzeni mbuzizo, mwina zinapita kusukulu. Komanso maluwawo mumathira mchere kapena mumadya osathira?"

Mayiyu anabwerera mtima ukuwira. Patapita masiku atatu anapitanso, n'kunenanso mawu omwewo, n'kulandira yankho lomwelo.

Tiyeni tiime pang'ono, tiwayeze anthu awiriwa mwachilungamo. A Ngozo sanalakwe. Mwambo unali kumbali yawo. Ndiponso kumanga mbuzi m'mwezi umenewo kukanatanthauza kuti munthu wa msana wopweteka azikwera mitengo tsiku ndi tsiku kuthyola masamba oti zidye. Telalayo nayenso sanalakwe. Khomo la munthu ndi khomo lake. Udzu womangira mpanda unali utapsa ndi moto uja, nsungwi zinali kutali kuphiri. Ndipo mpanda ukanabisa kwa odutsa chinthu chimene anachivutikira zaka khumi ndi ziwiri. Nkhaniyi ikanakhala ya malire okha, tikanati aliyense ali ndi mbali yake, akambirane.

Koma nkhaniyi sinali ya malire okha. Mmodzi mwa awiriwa ankadziwa chinthu chimene mnzake sankachidziwa.

Sabata yachitatu, telalayo anatenga diresi kukapereka kumtunda kwa mudzi. Panjira anadutsa pa limodzi mwa makomo amene anapatsako kanthambi. Anapeza mbuzi za a Ngozo zili pomwepo, zikudya. Zitachoka apo, anaziona zikulowera pakhomo lina, kumenenso kunali duwa lake. Mbuzizo zinali zitaphunzira njira. Zinkayenda khomo ndi khomo, kutsata mphatso zake, ngati munthu wotolera chopereka. Mkota wokalamba uja sunali nazo. Anaupeza utaima wokha pamthunzi wa nkhokwe, mutu uli pansi, nthiti zikuwerengeka.

Anaima pamsewu, diresi ili m'manja. Anazindikira kuti ngakhale atamanga mpanda pakhomo pake lero lomwe, sizithandiza. Duwalo linali m'makomo asanu ndi awiri.

Anapita kwa mnzake wa kukwaya, anaChisale, mayi wanzeru amene ankamukonda moona. Anamuuza zonse, kuyambira pa nyuzipepala yonyowa ija.

AnaChisale anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mwauzanso ndani?"

"Inu nokha."

"Zithere pompano. Inu ndinu mayi wokhala nokha, wobwera ndi mtengo wachilendo. Mukangotsegula pakamwa, mawa kumjigo adzati telala uja anagawa poizoni mudzi wonse. Mukudziwa dzina limene amapatsa munthu wotero kuno. Adzakubweretseraninso nsalu ndani?"



AnaChisale anapitiriza. "Ndipo si munawauza kuti amange mbuzi? Kawiri konse. Anakutukwanani. Mbali yanu munachita. Mwezi uno mbuzi iliyonse ndi yowonda. Ikafa, adzati ndi njala."

Musawaweruze msanga anaChisale. Zonse zimene ananena zinali zoona. Tikudziwa mmene mawu amayendera m'midzi mwathu. Tikudziwa amayi amene moyo wawo unaonongeka chifukwa cha mphekesera yaing'ono kuposa imeneyi. AnaChisale ankateteza mnzawo, ndipo kuteteza mnzako si tchimo. Ndiponso palibe amene akanadziwa. Matenda a chiwindi salemba dzina la amene anawabweretsa. Mbuzi zikanafa imodziimodzi, a Ngozo akanatukwana dzuwa ndi osaka mbewa, telalayo akanapita kukawapepesa monga mnansi wabwino, ndipo mvula ikanagwa, duwa likanaphukanso.

Mayiyu anabwerera pakhonde pake, n'kukhala pamashini. Anaika nsalu pansi pa singano, koma phazi silinapondere. Mawu amodzi a anaChisale ankamuvuta: "Munawauza." Anawatembenuza ngati mmene ankatembenuzira chovala kuti aone msoko wa m'kati. Kunja msokowo unali wowongoka. M'kati munali ulusi wolendewera. Inde, anawauza a Ngozo kuti amange mbuzi. Koma anati, "Zikundithera maluwa." Sananene kuti, "Maluwa akukutherani mbuzi." Anawauza mbali imene inkateteza chake, n'kusunga mbali imene ikanateteza chawo. A Ngozo anakana kusamalira duwa la munthu wina. Sanakane kupulumutsa mbuzi zawo, chifukwa palibe anawafunsa zimenezo.

Anaimirira. Anavundikira mashini. Anamanga chitenje chake chabwino, chija ankavala popita kutchalitchi, chifukwa anati ngati akupita kukataya dzina lake, apite atavala ngati munthu. Dzuwa lili paliwombo, anazungulira kuseri kwa nyumba.

A Ngozo atamuona anati, "Mwabweranso ndi mlandu wa maluwa?"

Iye anagwada pang'ono monga mwa ulemu. "Ayi, bambo. Ndabwera ndi mlandu wanga. Duwa lija limawononga chiwindi cha ziweto. Mbuzi zanu zakhala zikudya masabata atatu, kwathu ndi m'makomo ena. Zimangeni lero."

A Ngozo anaika kasemasema pansi. "Mwadziwa liti?"

Pamenepo panali khomo lothawira. Akanatha kunena kuti wamva dzulo kwa alangizi a ziweto. Iye anati, "Ndinkadziwa kuyambira tsiku limene ndinalandira duwalo."

"Ndiye munkabwera pano kudzandiuza za kukongola, mbuzi zanga zikudya imfa?"

"Ndi momwemo, bambo. Ndinalakwa."

A Ngozo ananena mawu ambiri amene sindingawabwereze muno. Mayiyu anaima mpaka anamaliza. Sanadziteteze. Sanawakumbutse za mchere uja. Atatha, anapita khomo loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Pakhomo lililonse ananena chimodzimodzi: "Pamene ndinkakupatsani duwa lija, pali mawu amene sindinamalize."

Zimene anaChisale anaopa zinachitika, ngakhale si zonse. Mayi wina anazula duwa lake pomwepo n'kuliponya pamsewu, telalayo akuona. Wina anabwera m'mawa mwake kudzatenga nsalu yake isanadulidwe, akuti wasintha maganizo. Kumjigo, iye akafika, nkhani zinkaduka. Wina anamveka akuti, "Nanga fungo lonse lija, mumayesa linali lachabe?" Koma panalinso mayi wina amene anangoti, "Mwachita bwino kunena. Ndili ndi nkhosa kwa alongo anga," n'kusamutsira duwa lake m'kati mwa mpanda wa kubafa.

A Ngozo anamanga mbuzi tsiku lomwelo. Anaitana alangizi a ziweto, amene anati mbuzizo zisayandikirenso duwalo, zipatsidwe madzi ndi chakudya chokwanira, kenako adikire. Chakudyacho ndiye chinali vuto. M'mawa mwake telalayo anafika ndi chidebe cha madeya ndi mtolo wa masamba a mango pamutu. A Ngozo sanamulonjere. Iye anatula pafupi ndi khola n'kubwerera. Anachita chimodzimodzi tsiku lotsatira, ndi lotsatiralo, mpaka mvula inagwa.

Ndipo anagwira khasu. Anakumba mzere wonse uja, chitsamba chimodzichimodzi, mosamala, dothi lili kumizu. Anadula nthambi zodyedwa. Anasamutsira zonse kuseri kwa nyumba, pakati pa khitchini ndi khoma la bafa, kumene anatchinga ndi malata akale ndi minga. Malowo dzuwa la m'mawa linkafikako, koma maso a odutsa sankafikako. Zitsamba zina sizinapirire kusamutsidwa m'mwezi wotentha chotero, zinauma. Kutsogolo kwa nyumba kunatsala dothi lofiira lokhalokha.

Mkota wokalamba uja unafa sabata yotsatira. Sindikubisirani zimenezo. Kaya unafa ndi duwa, kaya ndi ukalamba ndi njala, palibe anadziwa, ndipo telalayo sanayese kudzitonthoza ndi kukayikako. Choonadi chikachedwa, pali zina zimene sichipezanso. Koma mbuzi zinayi zinakhala ndi moyo. Yakuda ija inaswa bwinobwino mvula yoyamba itagwa.

A Ngozo sanabwere kudzathokoza. Sanali munthu wotero, ndipo kunena zoona, munthu amene wataya mkota wake sitingamukakamize kuthokoza. Miyezi iwiri inapita osalankhulana. Tsiku lina m'mawa, telalayo akupondera mashini, anamva chinthu cholemera chikutulidwa pa masitepe. Linali dengu lodzaza ndi manyowa a m'khola, owuma bwino. A Ngozo anali ataima pambali pake, akuyang'ana kumsewu.

"Akuti zimenezi maluwa amakonda," anatero. "Muthire kuseriko. Koma zisatuluke."

"Sizituluka, bambo."

"Dengulo ndilifuna." Anatero n'kumapita, akutsimphina.

Fanizo lathera pamenepo. Tsopano ndilankhule nanu.

Aliyense wa ife ali ndi chake chimene amanyadira. Wina ndi mwana amene anaphunzira. Wina ndi ntchito ya manja ake. Wina ndi banja lake, mtundu wake, bizinesi yake. Ena a ife ndi mpingo uno. Zambiri mwa zimenezi n'zabwino ndithu, ndipo tinazivutikira. Sindinabwere kudzakuuzani kuti muzizule. Mayi uja sanataye duwa lake. Analisamutsa, n'kupitiriza kulithirira.

Koma chinthu chabwino chilichonse cha pansi pano chili ndi mbali yake yowawa, ndipo amene amaidziwa bwino mbaliyo ndi mwini wake. Apa ndiye pamene kunyada kumatiyesa. Chimene timachikonda timachifotokoza mpaka pamene pakuthera zokoma, kenako timatseka pakamwa. Mumapereka mwana wanu ku ukwati, mukudziwa kuti akamwa amamenya, inu n'kungonena za sukulu yake. Mumagulitsa ng'ombe mukutamanda nyanga, osatchula chifuwa. Mumaitanira mnzanu ku gulu limene inu mukudziwa pamene likudontha. Simunaname. Mawu onse amene munanena ndi oona. Ndipo tsiku la tsoka mudzatha kunena kuti, "Ine ndinamuuzako." Anthu adzavomereza. Koma Mulungu amatembenuza chovala, amaona msoko wa m'kati. Amadziwa mbali imene munanena, ndi mbali imene munasunga, ndi amene kusungako kunamuteteza.

Sindikunena kuti kulankhula n'kotchipa. Amene amakuuzani kuti mukanena zoona aliyense adzakuomberani m'manja, sanakhalepo m'mudzi. Mayi uja anataya makasitomala. Ena sanabwererenso. Mantha a anaChisale anali ndi maziko, ndipo ngati muli nawo mantha otero lero, sindikukusekani. Sindikunenanso kuti chilichonse chimene mukudziwa za munthu muzikachiulutsa kumjigo. Pali zinsinsi zoyenera kusungidwa, ndipo miseche si chilungamo. Muyeso wake ndi uwu: kodi pali wina amene akuonongeka chifukwa sakudziwa chimene inu mukudziwa? Ngati alipo, mawuwo si anunso. Ndi ake. Mukungomusungira, ndipo tsiku lililonse limene mukuchedwa, iye akudya.

Ine mayi ameneyu ndimamunyadira. Ndimamunyadira chifukwa cha zaka khumi ndi ziwiri za ndowa pamutu. Koma koposa, ndimamunyadira chifukwa cha tsiku limodzi lija, pamene anafunsidwa kuti "Mwadziwa liti?" ndipo sanachotsepo ngakhale chaka chimodzi. Analakwa, inde, ndipo kulakwako kunali ndi mtengo wake. Koma munthu amene angathe kuima masana, pamaso pa mnansi wokwiya, n'kunena choipa cha chinthu chimene amachikonda koposa, ameneyo ali ndi msana. Ameneyo mukhoza kumusungitsa mwana wanu, mbewu yanu, ngakhale makiyi a tchalitchi. Kunyada kumene kumafuna kuti choonadi chibisike kuti kukhale ndi moyo, kumeneko ndi mantha atavala bwino. Kunyada kumene Mulungu amakondwera nako n'kumene kungathe kunena zonse, n'kuyendabe mutu uli m'mwamba.

Choncho mukatuluka muno, musafulumire kuganiza za mnzanu amene akufunika kumva fanizoli. Dzifunseni nokha: ndi khomo liti limene ndinasiyako mawu osamaliza? Mukudziwa njira yake. Valani bwino, mupite kukadali kowala, mukamalize.